Malo a Tusekelege ku Hillhead

A Flywell Kaonga amayendetsa basi mumzinda wa Glasgow, ndipo chaka chino akwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali pachiwongolero. Ndi bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, wosita malaya mpaka mzere wa pamkono kumaoneka ngati ukucheka. Ine ndine Ketrina, kwathu ndi ku Ntcheu, ndimagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba. Ndinakhala nawo khomo loyang'anizana kwa zaka khumi ndi chimodzi ku Maryhill, m'mafulati a m'mbali mwa ngalande, choncho zimene ndikunenazi si zomva kwa anthu.

Munthuyu ali ndi nkhani imodzi, ndipo tonse a kumpingo kwathu timaidziwa ngati Pemphero la Ambuye. Mu 1991 anakhoza mayeso a Fomu 4 ndi mapointi khumi ndi atatu. Masiku amenewo malo a ku yunivesite ankagawidwa potengera boma limene munthu amachokera, ndipo kwawo ku Karonga okhoza bwino anali mbwee. Mayina atatuluka, lawo panalibe. Mnzawo wina amene ankakopera masamu kwa iwo analemba boma la kwa amayi ake, n'kutengedwa. A Kaonga nawonso anapatsidwa nzeru yomweyo, koma bambo awo, mkulu wa mpingo, anakana kuti mwana wawo alowe sukulu ndi bodza. A Kaonga anathera ku uphunzitsi wa pulaimale, kenako anatsatira akazi awo a Towera, amene anapeza ntchito ya unamwino kuno. Akamafotokoza nkhaniyi ine ndinkawaseka kuti bola iwo ali ndi womuloza chala, ine ndinalephera ndekha Fomu 2 popanda boma kundithandiza. Iwo sankaseka.

Mwana ali naye mmodzi, Tusekelege, amene tonse timangoti Tuse. Anabadwira kuno. Chichewa amamva chonse, ngakhale miseche, koma amayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chija chomeza mawu. Zimene analankhula m'nkhani ino ndazibweza ndine m'Chichewa.

Ena mwa maulendo a basi ya a Kaonga amadutsa pa yunivesite yaikulu ija ya ku Hillhead, ya nsanja yakuda. Tsiku lina amadutsapo kasanu ndi kamodzi, kutsitsa ana a eni ake pageti. Tuse ali ndi zaka zisanu anamutengera kumeneko, n'kumugwiritsa zitsulo za getilo ndi kumuuza kuti adzalowa pamenepo n'kutuluka ali dokotala. Ndisawanamizire kuti anamukakamiza. Mwanayo udokotala ankaufunadi yekha, ndipo ankawerenga mpaka ine kumamumvera chisoni.

Tuse atatsala pang'ono kuyamba sekondale, a Kaonga anasamutsa banja. Anati sukulu za ku Maryhill sizingatulutse dokotala. Anagwira maovataimu zaka zingapo, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, mpaka anapeza kanyumba ku Bearsden, kumtunda kwa msewu womwewu, kumene anthu ake amameta kapinga ngati tsitsi. Tsiku losamuka ndinawauza kuti akwera, asadzatiiwale ife a kungalande. Kunena zoona ndinachita kansanje, komanso ndinawanyadira.

Mu Ogasiti wa chaka chatha zotsatira za mayeso a Higher, amene ali ngati a Fomu 4 kwathu, zinabwera pafoni. Tuse anapeza ma A anayi ndi B mmodzi, wa kemisitiri. Kumpingo tinalulutira, amayi ena mpaka kumuveka chitenje. A Kaonga anakhala pampando wakumbuyo ngati ali pamaliro. Nditawafunsa anandifotokozera mosapita m'mbali. Kuno ana a m'dziko muno salipira okha fizi, boma ndi limene limalipira, ndiye malo awo ndi owerengeka. Ofuna udokotala akuchuluka chaka ndi chaka, ndipo ana a ma A asanu ali ngati nkhunda za pabwalo la George Square. Akuti ambiri mwa amenewo amabwezedwa osaitanidwa n'komwe kukafunsidwa mafunso. Nanga wa B aimira pati? Ine ndinati Mulungu alipo. Iwo anati Mulungu analiponso mu 1991.

Mu Seputembala yunivesite inatsegula makomo kuti ofuna malo ndi makolo awo akaone. A Kaonga anapita atavala suti, atanyamula faelo ya masatifiketi a mwana kuyambira a ku nazale. M'holo muja anamva chinthu chimene chinawaimitsa mutu. Wolankhula anati ana ochokera m'madera osauka amawachepetsera zofunika, mwina kuwalandira ndi B yemweyo, ndipo dera amalidziwa poona positikodi, kanambala ka pakeyala ya nyumba. A Kaonga anatulutsa foni pomwepo. Analemba ya ku Bearsden, inakana. Analemba yakale ya ku Maryhill, ya khomo loyang'anizana ndi langa, inavomera.

Anabwera kwathu masana omwewo, suti ili m'thupi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkazizira. Anakana tiyi. Anati zaka zonse zija anathyoka msana kuti amuchotse mwana pamalo pamene pakanamulowetsa ku yunivesite. Sindinawaonepo atasweka chonchija, ndipo mtima wanga unawawa. Kenako anawongoka n'kuyamba kulankhula ngati ali m'kalasi. Anati palibe bodza lililonse limene likufunika. Kwawo kwa munthu ndi kumene anachokera, osati kumene akugona. Mwana wobadwira ku Blantyre, makolo ake a ku Karonga, pafomu amalemba Karonga. Tuse anabadwira ku Maryhill, mchombo wake unagwera m'nyumba iyo apo, ndiye boma lake ndi Maryhill.

"Achimwene, azungu za mchombo sazidziwa," ndinatero. "Amafunsa kumene munthu amagona."

"Ndiye azigona kuno, achemwali."

Apa ndi pamene ndinalakwa ine, ndipo sindibisa. Kwathu kutumiza mwana kwa wachibale kuti akhale pafupi ndi sukulu si nkhani. Ineyo ndinakulira kwa azakhali ku Balaka. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, chipinda cha mwana wanga chinali chopanda munthu chichokereni iye ku Leeds, ndiye ndinavomera. A Towera nditawaimbira foni anangoti zimene anena bambo ndi zomwezo, koma mawu awo anali olemera.

Tuse anafika Lamlungu ndi sutikesi, bulangete ndi mabuku odzaza thumba. Sanadandaule. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kukalowa kuchipinda. M'mawa uliwonse ankakwera basi yopita kumtunda kusukulu, kudutsa pakona ya kwawo osatsika. Bambo ake anamuuza kuti akasinthe keyala ku ofesi ya sukulu kuti mapepala onse agwirizane, iye anakasinthadi. Mafomu a udokotala amatseka pa 15 Okutobala, ndipo a Kaonga ankawerenga masiku ngati mayi woyembekezera.

Chimene tonsefe sitinachiganizire n'chakuti kuno mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri sachoka pakhomo pa makolo ake popanda wina kufunsa. Patatha masabata atatu, mphunzitsi wolangiza ana anamuitana, n'kutseka chitseko, n'kumusendezera bokosi la tishu. Anamufunsa ngati amamenyedwa. Anamufunsa ngati pali wina amene akufuna kumukwatitsa. Tuse, amene chibadwire sanamenyedwepo ngakhale ndi chipande, anachita manyazi mpaka anaulula zonse. Mphunzitsiyo sanakalipe. Anangomuuza kuti iye polemba umboni wake wopita ku yunivesite adzalemba zoona, ndipo keyala ya masabata atatu ikhoza kumuika m'mavuto m'malo momuthandiza. Anawonjezera kuti ngati pali zina zimene akubisa, ngati anasemphanadi ndi makolo mpaka kulekana nawo, pafomu pali malo ochongapo, ndipo ana otere nawonso amawaganizira.

Zonsezi Tuse anazikhuthula Lamlungu titachoka kutchalitchi, m'balaza mwanga, kutatsala masiku awiri kuti mafomu atseke. Anaimirira pakati pa nyumba, misozi ili chuchuchu, kuwauza bambo ake kuti amuyalutsa, kuti sukulu yonse ikuganiza kuti kwawo kuli nkhanza. A Towera anagwira kukamwa. Ine ndinayembekezera kuti a Kaonga apepesa, kapena akalipa. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anangopendeketsa mutu n'kumuuza kuti abwereze za malo ochongapo aja. Ndinawayang'ana m'maso ndipo ndinachita mantha. Munthu madzi akamufika m'khosi amagwira ndi lumo lomwe.

Lolemba madzulo, dzuwa lisanalowe, a Kaonga anagogoda ali m'yunifomu, atangoweruka. Anakhala pansi, n'kutulutsa envelopu m'thumba la jekete. Anati azungu sakhulupirira pakamwa, amafuna umboni, ndiye iwo awalembera umboni. Tuse achonge pamalo paja, kalatayi akaipereke kwa mphunzitsi m'mawa.

"Adadi, mukufuna ndilembe kuti ndilibe bambo?"

"Ndi pepala chabe, mwana wanga. Anyozeka ndine, osati iwe. Anene kuti Kaonga ndi nkhalamba yoipa ya ku Afirika, ine ndilibe nazo ntchito. Bola ulowe pageti paja."

Tuse anatsegula envelopu n'kuyamba kuwerenga mokweza. Anali masamba awiri a Chingerezi chosalala, zilembo zake zoima mwadongosolo ngati za pasatifiketi, poti uphunzitsi sutha m'manja. Analemba kuti anasiya ntchito yolemekezeka kwawo n'kudzayendetsa basi m'dziko lozizira, kutukwanidwa ndi zidakwa, chifukwa cha mwana ameneyu. Analemba za msana wawo umene suwalolanso kuwerama pomanga nsapato. Analemba kuti malipiro ake mwanayo anawabweretsera B. Anatchula Loweruka lina la mu Epulo, tsiku lake ndi ola lomwe, pamene Tuse anapita kukaonera kanema ndi anzake kutatsala masabata atatu kuti alembe kemisitiri. Analemba kuti tsiku limene amayi ankalulutira kumpingo iwo ankalakalaka nthaka itawameza. Pomaliza analemba kuti sakumuwerengeranso ngati mwana wawo, ndipo asadzapondenso pakhomo pawo. Pansi pake anasaina dzina lonse.

Mawu a Tuse sananjenjemere mpaka kumapeto. A Kaonga ankagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene akumva chimangirizo chabwino, n'kundifunsa ine ngati mzungu angakaikire kalata yotere. Ndinkafuna kuwalanda chipewa chija n'kuwamenya nacho, komanso ndinkafuna kuwalirira, chifukwa munthu ameneyu m'mutu mwake ankaganiza kuti akupereka nsembe yomaliza imene anali nayo. Tuse anapinda kalatayo kanayi, n'kuiika m'buku la kemisitiri, n'kukalowa kuchipinda. Bambo ake anapita kwawo ali ndi chiyembekezo.

M'mawa mwake Tuse anatumiza fomu ali kusukulu. Analemba keyala ya ku Bearsden, ndipo pamalo paja sanachongepo. Anandiuza ali chiimire m'khitchini, chikwama chili kumsana, n'kupempha ngati angapitirize kukhala kwa ine kwa kanthawi. Ndikanamuuza chiyani?

A Kaonga atamva anapsa mtima sabata yathunthu. Anati mwanayo wataya mwayi ngati mmene agogo ake anawatayitsira iwo, kuti m'banja mwawo chilungamo ndi matenda a kumtundu. Mkwiyo utatha anayamba kuthamangathamanga. Anasala kudya Lachitatu lililonse, mpaka abwana awo anawafunsa ngati akudwala. Anapempha abusa kalata yochitira umboni khalidwe la mwana, n'kuvalanso suti, kupita nayo ku ofesi yolembera ophunzira kuti akaonane ndi wamkulu wake maso ndi maso, monga timachitira kwathu. Mtsikana wa pawindo anawalandira bwino, n'kuwafotokozera kuti zonse zimayendera pafomu ndipo sangakambe za mwana ndi kholo. Anabwerako ndi kapepala ka zithunzi za ana akumwetulira pakapinga. Anandionetsa kapepalako ngati kali ndi yankho lobisika.

Miyezi yonseyi Tuse anali kwa ine. Amayi ake ankabwera Lachisanu ndi zovala zochapa ndi chakudya cha m'makontena, n'kumakhala naye kuchipinda akunong'onezana. Bambo ake akabwera ankawapatsa moni mwaulemu wonse, kufunsa za msana, kuwaphikira tiyi, kenako n'kupepesa kuti ali ndi zowerenga. Ulemu umenewo ndi umene unkandiopsa, chifukwa kale ankawalanda rimoti m'manja n'kumawaseka katchulidwe kawo ka mayina a misewu. Pa Khirisimasi anapita kukadya, koma anabwerera tsiku lomwelo. Ndinayesa kumulankhula kangapo. Ankamvetsera, n'kundithokoza, n'kufunsa ngati pali mbale zoti atsuke.

Yankho linabwera mu Febuluwale, Lachinayi masana. Malo sanamupatse, ndipo sanamuitane n'komwe ku mafunso. Anandionetsa pafoni mizere iwiri yokha, yonena kuti ofunsira anali ambiri kuposa malo. Analira tsiku limenelo, kulira kwenikweni kwa mwana, mutu uli pamiyendo panga. Nanenso ndinalira, poti ndinamuona akuwerenga kuyambira ali ndi mano a mkaka. Atatonthola anandiuza kuti ndiwadziwitse ndine makolo ake.

Loweruka a Kaonga anabwera ndi galimoto. Ndinawapeza pakhomo atavula chipewa, maso ali psuu, atachepa thupi moti kolala inkawazungulira m'khosi. Anakana kulowa. Ndinaganiza kuti afooka, koma anali ndi mapulani atsopano atalemba kuseri kwa tikiti. Mwana abwereze kemisitiri, apeze ntchito yodzipereka kuchipatala, afunsirenso mu Okutobala. Iwo afufuza kale mphunzitsi wapadera. Chofunika tsopano n'chakuti abwerere kunyumba, chipinda chake achipenta. Kenako anatsitsa mawu n'kundipempha kuti ndikawatengere kalata ija aing'ambe, poti ntchito yake inatha ndipo sinagwire n'komwe.

Ndinalowa kuchipinda. Tuse anali atakhala pabedi atapinda miyendo, ndipo anali atamva zonse. Ndinakhala pambali pake n'kuyamba kumunyengerera ndi mawu onse amene ndinali nawo. Ndinamuuza kuti bambo ake ndi munthu wovulala kuyambira kalekale, kuti analemba zija ndi mutu wozungulira, kuti linali bodza lopangira azungu ndipo iye akudziwa.

"Anti, zoti andithamangitsa ndi bodza, ndikudziwa," anatero. "Koma Loweruka lija la kanema anakumbukira tsiku ndi ola. Ine ndinali nditaiwala. Munthu wopeka nkhani sakumbukira ola."

Nanenso ndinaganiza zomwezo tsiku limene ankawerenga. Ndinangoti pepani wawo ali pakhomopo, atavula chipewa. Iye anati akudziwa, ndipo sakuwada. Za kufunsiranso anati aganiza yekha, koma akafunsira sikudzakhala ku Glasgow. Nditamupempha kalatayo anaika dzanja pabuku lija.

"Ndi yanga. Chibadwire sanandilemberepo ina."

Ndinatuluka. A Kaonga anayang'ana manja anga n'kuona kuti mulibe kanthu, kenako anayang'ana kumbuyo kwanga ngati mwana akubwera. Ndine mayi wa pakamwa, kumpingo amandidziwa, koma tsiku limenelo ndinachita mantha ndi choonadi. Ndinawauza kuti Tuse mutu ukumupweteka, wagona pang'ono.

Anati palibe vuto, adikira, lero sakupita kuntchito. Anakhala pamasitepe a simenti ozizira aja, movutikira chifukwa cha msana, chipewa chili pabondo, makiyi a galimoto ali m'manja. Ndinasiya chitseko chotsegula kuti mwina wina mwa awiriwa alankhula. Patapita nthawi Tuse anandiitana chapansipansi, n'kundipempha kuti nditseke chifukwa mphepo ikulowa.